Mudzi Woyamba Pamndandanda

Ndinabwerera kwathu ku Neno ndili ndi satifiketi ya kompyuta m'chikwama ndi matama odzaza mutu. Ndinali nditakhala ku Blantyre zaka zingapo kuphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo nditamva kuti kabungwe kena kothandiza odwala chifuwa chachikulu kakufuna munthu wa kompyuta pa boma, ndinangoti ntchito imeneyi ndi yanga basi. Inali nyengo ija ndale za zipani zambiri zitangozolowereka, aliyense akuyankhula zakukhosi, mabungwe akukwera mapiri athu ndi galimoto zoyera.

Ofesi yathu inali nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa msika. Tinali ndi makompyuta atatu olumikizidwa ndi nthambo, ndi jenereta imene tinkailiza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Kompyuta yaikuluyo tinkaitcha seva. Ndiyo inkasunga zonse ndi kutumiza masamba ku zinzake ziwirizo. Za intaneti zinali za m'tauni. Masamba athu ankangoyenda m'nyumba momwemo, kuchoka m'chipinda changa kupita m'chipinda cha akalaliki.

Ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa. Odwala ankalandira mankhwala ku zipatala zazing'ono za ku Midzemba, Ligowe ndi Dambe. Mapepala awo ankafika ku ofesi, akalaliki n'kuwalowetsa m'kompyuta, mapepalawo n'kubwerera komwe achokera. Wodwala akadumpha tsiku lotenga mankhwala, dzina lake ndi mudzi wake zinkatuluka pa pepala la Lolemba. Pepala limenelo linkapita kwa anesi, amayi achikulire opuma ntchito ya boma, amene ankakwera njinga yamoto kukamusaka munthuyo. Mankhwala a chifuwa chachikulu salekezedwa panjira. Ukawaleka, matenda amabweranso ali olusa kuposa poyamba.

Masamba onsewo ndinalemba ndine. Pa tsamba lililonse panali kabokosi ka midzi: ukakadina, mayina a midzi ankatsika mondondozana, iwe n'kusankhapo limodzi. Tinkakatcha kabokosi kotsika. Mayinawo ndinawatenga pa pepala lakale la ku boma, n'kuwalemba pamanja pa tsamba loyamba, kenako n'kukopera pa masamba ena onse. Ndinkanyadira kabokosi kameneko ngati ndabereka mwana. Chimene sindinachilabadire n'chakuti tsamba likangotseguka, m'kabokosimo munkakhala muli kale dzina la mudzi woyamba pamndandanda, munthu asanasankhe chilichonse.

Tsono zaka zimenezo midzi inkabala midzi. Abale akasemphana, kapena wandale akawanong'oneza kuti nawonso akhoza kukhala ndi ufumu wawo, ankapatuka n'kulonga mfumu yawo, ndipo mudzi kwathu umatenga dzina la mfumu. Nyumba sizinkasuntha, zitsime zinali zomwezo, koma dzina linkasintha. Munthu wa mudzi watsopano ukamulemba dzina la mudzi wakale, ndiye kuti wamutukwana. Choncho pa mapepala a odwala pankabwera mayina amene kabokosi kanga sikanawamvepo.

Ndinadziwa zimenezi tsiku limene anesi analowa m'chipinda changa chipewa cha njinga chili kumutu, fumbi lili m'nsidze.

“Iwe mwana wanga, makina akowa ndi amisala kapena wamisala ndiwe?” anatero, akumenyetsa pepala la Lolemba patebulo. “Kamudzi aka nyumba zake n'zowerengeka, koma pa pepala lako aliyense akutsokomola. Ndapitako katatu. Lero andifunsa ngati ndikufunako banja.”

Mudzi umene ankanenawo unali woyamba uja pamndandanda. Ndinapita kwa akalaliki. Iwowa anali bambo odekha, ogwira ntchito m'maofesi a boma kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, ovala tayi ngakhale kutenthe bwanji, olemba ndi zala ziwiri koma osalakwitsa chilembo. Ndinawafunsa chimene amachita akapeza mudzi umene mulibe m'kabokosi.

“Ndimasiya umene ulipowo, achemwali.”

“Osandiuza bwanji, bambo?”

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. “Ife tinaphunzitsidwa kuti fomu siitsutsidwa, ndiponso siisiyidwa ndi mpata. Mwaikamo kale dzina inuyo amene munapita kusukulu yake. Ine ndinali ndani kuti ndikuuzeni kuti mwalakwitsa?”

Ndinakwiya, koma mkwiyowo unasowa pogwera, chifukwa amene anaikamo dzinalo ndinalidi ine. Sabata imeneyo tinaitanitsanso mapepala, ndinawonjezera midzi yatsopano pa tsamba ili ndi ilo, pamanja ngati kale, akalaliki n'kukonza mayina onse olakwika. Ndinauza anesi kuti zatheka, asadandaulenso. Ndinanena mokweza, manja ali m'chiuno.

Pa khomo la ofesi yathu pankakhala mayi wina wogulitsa manachesi, wochokera kumtunda cha ku Dambe. Ankatsika ndi dengu, mwana ali kumsana, n'kugona kwa achibale mpaka manachesi atatha. Ankanditcha asisi a makina, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa ngati makinawo ayamba kuphika. Ankandisankhira manachesi a khungu lopyapyala, amene amati ndi a anthu aulesi osafuna kuvutika posenda. Anesi ndiwo anamva chifuwa chake n'kumukakamiza kukayezetsa. Anamupeza nacho, anayamba mankhwala ku Dambe, ndipo analeka kutsika ku boma. Pepala lake litafika, ndinaona ndi maso anga akalaliki akusankha dzina la mudzi wake watsopano m'kabokosi. Ndinasangalala kuti mnzanga walembedwa bwino.

Patapita miyezi iwiri, dzina lake linatuluka pa pepala la Lolemba. Anali atadumpha kawiri. Pambali pa dzinalo panali mudzi woyamba uja.

Ndinathamangira pa seva. Ndinatsegula masamba anga limodzi limodzi mpaka ndinapeza chimene ndinachita. Panali tsamba lina lolembapo kulemera kwa wodwala mwezi ndi mwezi, ndipo nalonso linali ndi kabokosi ka midzi. Limenelo ndinaliiwala. Akalaliki akatsegula dzina la munthu wa mudzi watsopano kuti alembe sikelo, kabokosi kakale kankasowa mudzi wake n'kubwerera pa dzina loyamba, iwo n'kusunga osazindikira. Mwezi uliwonse tsamba limenelo linkasamutsa anthu mwakachetechete. Onse amene tinawakonza aja anali atabwereranso ku kamudzi ka nyumba zowerengeka, ndipo mnzanga wa manachesi anali m'gulu lomwelo.

Anesi sanakalipe ulendo uno, ndipo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anakhala pampando n'kuyang'ana kunja, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri.

“Mvula yoyamba ikangogwa, msewu wa ku Dambe ndi phala,” anatero. “Mafuta amene ndili nawo ndi a ulendo umodzi. Ndinyamuka Lachisanu m'mawa. Ukandipatsa pepala labodza, mayi uja tikamuona mwezi wa kukolola, ngati tikamuone n'komwe. Ndiye usangondipatsa dzina la mudzi. Midzi yatsopanoyi ine sindiidziwa. Undiuze kuti unapatuka ku mudzi uti, kuti ndidziwe kolowera.”

Linali Lolemba masana. Mayina olondola ndikanawapeza, chifukwa Lachisanu lililonse ndinkasunga zonse pa madisiketi, timbale tosungirapo za m'kompyuta, ndipo akale anali m'kabati. Koma kuwabwezera m'masamba omwewo kunali ngati kuthira madzi m'ndowa yobooka. Ndinayenera kusiya kukopera mndandanda. Unafunika mndandanda umodzi wokha, pamalo amodzi, ndipo tsamba lililonse lizikatenga pamenepo.

Njira yake ndinali nditaiona ku Blantyre koma ndisanaigwirepo. Munthu umatha kupanga tagi yakoyako. Tagi ndi liwu lalifupi limene umalemba m'tsamba pakati pa timizere tiwiri topindika. Seva ikamakonza tsamba kuti ilitumize, ikafika pa liwu limenelo imaima, n'kuitana kapulogalamu kamene walemba, kapulogalamuko n'kulemba kabokosi konse pamalo pa liwulo. Wolandira tsamba saiona tagiyo, amangoona kabokosi kathunthu. Ndinali ndi mapepala ofotokoza zimenezi amene ndinachita fotokope ndili kusukulu, ena osaoneka bwino m'mphepete. Ndinawatulutsa pansi pa sutikesi.

Koma tagi siidziwa midzi. Lachiwiri m'mawa ndinatenga kope n'kupita ku golosale ya bambo ena achisilamu pafupi ndi siteji. Golosale imeneyo inali ngati positi ofesi ya anthu akumtunda. Aliyense wotsika kudzagula mchere, sopo kapena palafini ankasiyapo uthenga, ndipo bambowo ankadziwa amene wakwatira, amene wasamuka ndi amene walongedwa ufumu. Ndinawafotokozera vuto langa mosabisa, kuti ndataya munthu ndi manja angawa.

“Achemwali, ndiye makina aja sadziwa kuti mudzi umabala, eti?” anaseka, akupimira mayi wina shuga. “Khalani apo pa thumba. Tchulani dzina, ine ndikuuzani mayi wake.”

Ndinatchula dzina limodzi limodzi. Mayina ena ankayankha asanaganize n'komwe. Pa ena ankaitana munthu wodutsa panja: “Inu a ku Ligowe, tabwerani. Kodi aja analonga chaka chatha anapatuka kwa ndani?” Pena anthu awiri ankatsutsana mpaka kutuluka thukuta, ine cholembera chili m'mwamba kudikira kuti agwirizane. Nthawi ya swala itakwana bambowo anatseka chitseko chimodzi n'kundisiya pa thumba pomwepo, atabwerako tinapitiriza. Titafika pa mudzi wa mayi wa manachesi anati, “Umenewo ndi wa kuseri kwa phiri, kupitirira chipatala. Njinga imafika pa mtsinje, kwinako ndi miyendo.” Ndinalemba mawu amenewo momwe anawanenera.

Lachitatu ndinakhala pa seva kuyambira pamene jenereta inalira. Ndinayamba ndi tebulo la midzi, mndandanda umodzi uja wa m'kompyuta: dzina, mudzi umene unapatukako, chipatala chapafupi, ndi kamzere kolembapo njira. Kenako kapulogalamu ka tagi. Ndinakalemba kuti kazitsegula tebulolo, kaziika mudzi wakale pamwamba ndi ana ake pansi pake atalowa m'kati pang'ono, monga mmene munthu angafotokozere pakamwa. Ndinakapatsa zinthu ziwiri zoti tsamba lizikauza: chipatala chake n'chiti, kuti polemba wodwala wa ku Midzemba akalaliki asamasakesake pakati pa midzi ya ku Dambe, ndi mudzi umene wodwalayo walembedwa kale, kuti kabokosi kazitseguka kali pa dzina lomwelo.

Kuyesa koyamba seva inandibwezera tsamba lodzaza madandaulo m'Chingerezi. Inkati tagi imeneyo siikuidziwa. Ndinaiwala kuti pali kafayilo kena kolembetsamo tagi, kouza seva kuti liwu lakuti limaitana kapulogalamu kakuti. Ndinalembetsa, ndinazimitsa seva n'kuyatsanso. Kuyesa kwachiwiri midzi inabwera, koma itamwazika tsamba lonse ngati chimanga chotayika pamsewu, chifukwa kapulogalamu kanga kankatseka kabokosi kasanaikemo mayina. Ndinatukwana mokweza mpaka akalaliki anatsokomola m'chipinda mwawo kundikumbutsa kuti alipo. Ndili pakati pokonza, dzuwa linapendeka, mlonda anazimitsa jenereta monga mwa lamulo la ofesi, ndipo ndinapita kunyumba ndi mapepala a fotokope m'khwapa, nditatsala ndi tsiku limodzi.

Lachinayi m'mawa ndinasintha mizere iwiri, n'kutsegula tsamba. Kabokosi kanabwera. Ndinakadina, midzi inatsika mwadongosolo, wakale pamwamba, ana pansi pake. Ndinakuwa ngati ndili ku mpira.

Chinatsala ndi chimene chinayambitsa zonse, dzina la pamwamba lija. Ndinauza tagi kuti mzere woyamba usakhale mudzi uliwonse, ukhale mawu oti “Sankhani mudzi”, ndipo tsamba lizikana kusunga ngati munthu sanasankhe. Pansi penipeni ndinaikapo mzere wina woti “Mudzi wake mulibe muno”. Ameneyo ndinaikira akalaliki. Ndinawaitana kuti adzaone.

“Bambo, mukasowa mudzi, musankhe apa. Fomu yomweyi ndiyo ikukupemphani kuti muitsutse.”

Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. “Ndiye kuti ndikasankha pamenepa sindinalakwire munthu?”

“Mwathandiza munthu.”

“Basi, zikatero ndizisankha ndi mtima wonse,” anatero, ndipo ndinawaona akumwetulira koyamba chiyambire ntchito.

Kenako ndinalowa m'masamba onse, limodzi limodzi, ndikuchonga pa pepala kuti ndisaiwalenso lina. Pa tsamba lililonse ndinkafufuta mndandanda wautali uja wolemba pamanja n'kusiyapo kamzere kamodzi ka tagi. Sindinamvepo kukoma kotero pofufuta ntchito yanga yomwe. Tsamba la sikelo ndinalisiya komaliza, ndipo ndinalifufuta ndi mkwiyo wonse wa sabata imeneyo. Pofuna kutsimikiza, ndinawonjezera mudzi wabodza m'tebulo, n'kutsegula masamba onse. Unaoneka paliponse nthawi imodzi. Ndinauchotsa, unachoka paliponse.

Masana onse tinakhala awiri, ine ndikuwerenga mayina olondola kuchokera m'madisiketi akale, akalaliki akusankha m'kabokosi katsopano ndi zala zawo ziwiri. Titakonza dzina la mayi wa manachesi, ndinawapempha kuti atsegule tsamba la sikelo, alembe chilichonse, asunge. Anasunga. Tinatsegulanso. Mudzi wake unali pomwepo, sunasunthe. Pepala linatuluka mu printa mlonda ali kale pa jenereta, dzanja lili pa switchi, ine ndikumukuwira pawindo kuti adikire pang'ono.

Lachisanu m'mawa anesi analiwerenga ataimirira pambali pa njinga. Pa dzina lililonse panali mudzi, mudzi umene unapatukako, ndi njira. Anafika pa mzere woti njinga imafika pa mtsinje, kwinako ndi miyendo, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Awa ndiye mawu a munthu,” anatero. Analipinda n'kuliika m'thumba la pachifuwa.

Anabwerako Lamlungu masana, mvula yoyamba ikuwathamangitsa kumbuyo. Ndinali nditakhala pakhonde la ofesi ngakhale silinali tsiku la ntchito, chifukwa kunyumba sindikanakhazikika. Anazimitsa njinga, anavula chipewa mosafulumira, dala, akudziwa kuti ndikufa ndi mantha.

“Ndamupeza,” anatero. “Anamva bwino pang'ono n'kuganiza kuti wachira. Kenako chinamubwerera, miyendo inakana kukwera phiri. Ndinamupeza ali gone, mwana akuyamwa bere lopanda kanthu. Achimwene ake anamunyamula mpaka pa mtsinje, ine ndinamubereka pa njinga mpaka kuchipatala. Wayambiranso mankhwala. Enawonso ndawapeza, kupatula mmodzi amene anapita ku Mozambiki.” Anandigwira tsaya ndi dzanja lonunkha petulo. “Leka kulira, iwe. Pita ukandigulire fanta.”

Ndinalira ndithu, pakhonde pomwepo, mvula ikuyamba kugwa pa malata. Sindinasangalalepo chotero ndi satifiketi iliyonse.

Kuyambira pamenepo mudzi watsopano ukabadwa, akalaliki ankasankha mzere wawo wapansi uja n'kubwera kudzagogoda pachitseko changa monyadira ngati abweretsa mphatso. Ine ndinkadutsa ku golosale kukafunsa mayi wake wa mudziwo, n'kulemba mzere umodzi m'tebulo, basi. Njira yomweyo ya tagi ndinadzaigwiritsanso ntchito pa kabokosi ka zipatala ndi ka mitundu ya mankhwala. Ya midziyo ndiyo ndinkaikonda.

Manachesi atayambanso kupsa, m'mawa wina ndinamva mawu pakhomo: “Asisi a makina, kodi ayamba kuphika?” Anali mayi wa manachesi uja, ataonda, koma maso anali ake omwe aja, ndipo mwana anali akuyenda yekha atagwira chitenje. Anesi anali atamuuza nkhani yonse, osasiyako ngakhale pang'ono pondichititsa manyazi. Mayiyo anatula dengu n'kunena kuti akufuna aone kumene ndinamutayira.

Tinalowa naye kwa akalaliki. Iwo anaimirira, anakonza tayi, n'kumupatsa mpando wawo, chinthu chimene sanawachitirepo ngakhale abwana a kabungwe kathu. Anamuonetsa pogwira. Mayiyo anadina ndi chala chimodzi mwamantha ngati akukhudza mbaula, midzi n'kutsika. Sukulu analekeza msanga, koma dzina la mudzi wake ankalidziwa maonekedwe ake. Analipeza pansi pa mudzi wakale, n'kuliloza pagalasi.

“Ndi uwu! Koma mwatiika pansi pa amenewa bwanji? Tinachokako ife.”

“Kuti anesi adziwe njira, mayi,” anatero akalaliki.

Anaganiza pang'ono n'kuvomera ndi mutu monyinyirika. Kenako anakweza chala mpaka pamzere woyamba.

“Nanga pamwamba penipenipa pali mudzi wa ndani? Mukanaikapo wathu.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma akalaliki anandiyambirira.

“Pamenepo sitiikapo mudzi wa munthu ayi,” anatero mofatsa. “M'pamene tinakutayirani.”

Mayiyo anayang'ana mzerewo kanthawi, n'kutembenukira kwa ine. Anapisa dzanja m'dengu, anasankha nachesi la khungu lopyapyala, n'kuliika pamwamba pa kompyuta.

“Limeneli si lanu, asisi,” anatero. “Ndi la makinawa. Aphunzira kufunsa.”